Ana Amasiye a Gologolo mu Mzinda wa Cape Town: Kadyetsedwe Kawo ndi Matenda Awo

Mwa nyama zazing'ono zimene anthu a mu mzinda wa Cape Town amatola pansi pa mitengo, nazitengera kunyumba ndi mtima wofuna kuzilera, mwana wa gologolo ndi mmodzi wa amene amafera kawirikawiri m'manja mwa omufunira zabwino. Ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti chimene chimamupha nthawi zambiri ndi chakudya chomwecho chimene amampatsa, pakuti amampatsa mofulumira, asanayenere kudya, ndiponso mwa njira yolakwika. Nkhaniyi ikutikhudza ife olankhula Chichewa koposa mmene tingaganizire, popeza abale athu ambiri ochokera ku Malawi amagwira ntchito yosamala maluwa ndi kapinga ku Constantia, Newlands, Rondebosch ndi Bishopscourt, kumene kuli mitengo ikuluikulu ya oki ndi paini, ndipo iwo ndiwo amayamba kuona kamwana kali gone pansi m'mamawa, eni nyumba asanatuluke. Funso tsono lili patatu: ngati kamwanako n'kamasiyedi, chimene kayenera kudya ndi mmene kangadyere, ndipo potsiriza, kakapulumuka, kumene kadzapite.

Mmene gologoloyu adafikira ku Cape

Gologolo wotuwa amene alendo amamudyetsa mtedza m'munda wa Company's Garden, munda umene Jan van Riebeeck adauyamba mu 1652, si wa kuno ku Africa ayi. Kwawo ndi kum'mawa kwa North America, ndipo ophunzira amamutcha Sciurus carolinensis. Amene adamubweretsa cha m'ma 1900 ndi Cecil John Rhodes, yemwe uja kampani yake idathandiza ndi ndalama boma la Harry Johnston ku dziko lathu kuyambira mu 1891. Iye, pofuna kuti malo ake a Groote Schuur m'munsi mwa Devil's Peak afanane ndi ku England, adaitanitsa agologolo pamodzi ndi mbalame ndi agwape a ku Ulaya. Gologoloyo adapeza nkhokwe yodzaza kale, chifukwa kuyambira masiku a bwanamkubwa Simon van der Stel, amene adakhazikitsa mudzi wa Stellenbosch mu 1679, Azungu adakhala akubzala mitengo ya oki, ndipo pambuyo pake adaonjezapo nkhalango za paini. Kotero agologolo adaswana nafalikira ku Tokai, Somerset West, Stellenbosch, Paarl ndi Franschhoek. Koma m'tchire lachilengedwe la fynbos, mmene mulibe mitengo yaitali kapena mbewu zoti n'kukwirira, sadakhazikikemo.

Agologolo a kwathu, monga uja wa m'nkhalango za tsanya wotchedwa Paraxerus cepapi, ndi a mtundu wina, ngakhale kuti zambiri zimene tinene pano za kufunditsa ndi kuyamwitsa zimagwiranso ntchito pa iwo.

Kakulidwe ka mwana wa gologolo

Munthu sangadyetse bwino chinthu chimene sadziwa msinkhu wake. Gologolo wamkazi amakhala ndi bere masiku pafupifupi 44, naswa ana awiri, atatu kapena anayi m'mphako kapena m'chisa cha timitengo ndi masamba chimene amamanga pa mphanda ya mtengo. Ndipo chakudya chikachuluka amatha kuswa kawiri pa chaka. Mwanayo amabadwa wolemera magalamu pafupifupi 15, wopanda ubweya, wotseka maso ndi makutu, wofiirira ngati mwana wa mbewa. Pa sabata lachitatu mano awiri a m'munsi amatuluka ndipo ubweya umayamba kuoneka. Pakati pa sabata lachinayi ndi lachisanu maso amatseguka, mano a m'mwamba natsatira. Pofika masabata 6 kapena 7 amayamba kukhala tsonga, kupinda mchira pamsana ndi kulawa zolimba. Kuyamwa amaleka ali ndi masabata 8 mpaka 10, ndipo amadziimira payekha ali pafupi ndi masabata 12.

Pa masabata oyambawo pali zinthu ziwiri zimene kamwanako sikangathe kudzichitira. Sikangathe kudzifunditsa, pakuti kalibe ubweya kapena mafuta osunga kutentha; ndiponso sikangathe kukodza kapena kuchita chimbudzi pakokha, kufikira make atakanyambita kumunsi. Wolera aliyense amene aiwala ziwiri izi, ngakhale atagula mkaka wa mtengo wapatali, akungotaya nthawi.

Kodi ndi wamasiyedi?

Zifukwa zimene ana amagwera pansi ku Cape Town n'zodziwika. Mphepo ya kum'mwera chakum'mawa, imene eni mzinda amaitcha Cape Doctor, imaomba mwamphamvu m'miyezi yofunda nigwetsa zisa. Odula ndi osadza mitengo amagwetsanso zina, ndipo ntchito imeneyi yakula kuyambira pamene kachirombo koboola mitengo ka polyphagous shot hole borer kadapezeka ku Somerset West mu 2019 ndi ku Newlands mu 2023, kotero kuti mitengo yodwala ikudulidwa. Moto wa m'phiri, monga uja wa mu Epulo 2021 umene udayambira pafupi ndi Rhodes Memorial, umaononganso malo awo. Amake ena amagundidwa ndi galimoto, ena amagwidwa ndi agalu, ndipo ena amatsekeredwa kunja pamene mwini nyumba atseka chiboo cha kudenga osadziwa kuti m'katimo muli ana.

Koma kugwa si umasiye. Gologolo wamkazi nthawi zambiri amakhala ndi chisa chachiwiri chimene adakonzeratu, ndipo akamva kulira kwa mwana wake amatsika, namuluma mofatsa pamimba, mwanayo n'kudzikulunga m'khosi mwa make, nakwera naye. Akatero amabwerera kudzatenga otsalawo mmodzimmodzi. Mawu akuti nyama imakana mwana wake munthu akamukhudza sali oona pa gologolo. Chimene chimalepheretsa make ndi anthu oima pafupi, agalu, amphaka, ndi kuzizira kwa mwanayo, popeza mwana wozizira salira ndipo sagwedezeka. Choyenera tsono ndi kumuika m'katoni yosatseka pamwamba, pa nsalu yofewa, pambali pa botolo la madzi ofunda lokulungidwa bwino, n'kuiika patsinde pa mtengo umene adagwamo, kutsekera ziweto m'nyumba, ndi kupenyerera chapatali kwa maola angapo. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Dzuwa likalowa alowetsedwe m'nyumba, chifukwa gologolo sayenda usiku, ndipo m'mawa ayesenso.

Alipo ana amene sayenera kudikira. Woyamba ndi amene akutuluka magazi kapena wathyoka. Wina ndi amene ali ndi timazira ta ntchentche, tooneka ngati timadontho toyera tomatirira mu ubweya, pafupi ndi maso, makutu kapena kumunsi, pakuti m'maola ochepa timasanduka mphutsi zimene zimamudya wamoyo. Winanso ndi aliyense amene wakhala m'kamwa mwa mphaka, ngakhale bala lisakuoneka, chifukwa malovu a mphaka ali ndi tizilombo ta Pasteurella timene timalowa m'magazi n'kupha pa tsiku limodzi kapena awiri ngati dokotala wa ziweto sapereka mankhwala. Ndipo pali uja wa masabata 6 kapena 7, wa ubweya kale, amene amatsata munthu mpaka kumukwera pa buluku. Anthu amati ndi woweta kapena wodwala misala, koma kawirikawiri ameneyu ndiye wamasiye weniweni, amene wadikira make masiku angapo, njala n'kumutsitsa mumtengo.

Kufunditsa, madzi, ndipo pambuyo pake mkaka

Pano ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndondomeko yake siyenera kusinthidwa. Thupi lozizira siligaya chakudya: magazi amachoka m'matumbo kuti akasunge mtima ndi ubongo, matumbowo amaima, ndipo mkaka wothiridwamo umangosasa n'kutupitsa mimba, kuonjezera apo, kamwana kozizira sikameza bwino, kotero kuti zimene kapatsidwa zimapita kumapapo. Kafunditsidwe pang'onopang'ono kufikira kakumveka kofunda m'dzanja ndipo kakuyenda. Kutenthako kukhale mbali imodzi ya katoni, kuti kakamva kutentha kwambiri kasunthire kwina, ndipo nsaluyo isakhale thaulo, pakuti zikhadabo zimakodwa mu ulusi wake mpaka kuthyola tizala.

Chachiwiri ndi madzi a m'thupi. Mwana amene wakhala maola ambiri osayamwa amauma, ndipo munthu akatsina khungu la pamsana n'kulisiya, limakhala chiimire m'malo mobwerera msanga. M'kamwa mumauma ndipo mkodzo umakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri. Wotere apatsidwe madzi ofunda a mchere ndi shuga, a mtundu uja amayi a ku Malawi amaudziwa ndi dzina la Thanzi, kadontho kamodzikamodzi, kwa maola angapo, koma osapyola tsiku limodzi, popeza mcherewo ukachuluka umavulaza impso ndipo madziwo si chakudya. Mkaka uyambe wosungunuka kwambiri, n'kumaukhwimitsa pa chakudya chilichonse kufikira utafika muyeso wake pa tsiku lachiwiri.

Za mkaka ndi muyeso wake

Mkaka wa gologolo ndi wonona zedi. Ofufuza amene adauyeza adapeza kuti mafuta ake amaposa a mkaka wa ng'ombe katatu kapena kupitirira apo, zomanga thupi zake n'zambiri, pamene shuga wa mumkaka ndi wochepa. Mkaka wa ng'ombe uli ndi mafuta pafupifupi magawo 4 pa 100 ndi shuga pafupifupi magawo 5, ndipo mkaka wa ufa wa makanda a anthu uli ndi shuga woposa pamenepo. Shuga amene matumbo a gologolo alephera kugaya amakoka madzi kulowa m'matumbomo, tizilombo ta m'mimba n'kumusasitsa, ndipo zotsatira zake ndi mpweya, kutsegula m'mimba ndi kuuma kwa thupi. Kamwanako kamaoneka kakukhuta pamene kakufa ndi njala. Chifukwa chake mkaka wa ng'ombe, wa m'chitini wotsekemera, wa soya, ufa wothira mu tiyi, phala ndi buledi woviika, zonsezi n'zoletsedwa.

Pa zimenezi olera agologolo onse amavomerezana, koma pa mkaka woyenera kulowa m'malo mwa wa make amasiyana maganizo. Ambiri amagwiritsa ntchito mkaka wa ufa wa ana agalu, umene umagulitsidwa kwa madokotala a ziweto, ena n'kumaonjezamo mafuta a mkaka mwanayo akamakula. Ku America kuli mkaka wopangidwira agologolo, monga wa Fox Valley, koma kuno supezeka wamba. Ena amasakaniza mkaka wa mbuzi ndi yogati ndi mafuta a mkaka. Otsutsa amati chisakanizo chimenechi chingathandize kwa masiku ochepa okha, chifukwa chilibe zonse zofunika pa kukula kwa mafupa, ndipo maganizo amenewa akuoneka olondola. Ngakhale mkaka wa m'fakitale suyenera kukhulupiriridwa ndi maso otseka: mu 2009 olera agologolo ku America adadandaula kuti mtundu wina wotchuka, opanga atasintha kapangidwe kake, udayamba kutsegulitsa ana m'mimba. Mboni yosanama ndi sikelo ndi chimbudzi. Mwana woyamwa bwino amaonjeza kulemera tsiku ndi tsiku, ndipo chimbudzi chake chimakhala timibulu tachikasu togwirana. Chikayera kapena kukhala chamadzi, ndiye kuti wadya mopyola kapena mkakawo sukumuyanja.

Muyeso umene olera ambiri amatsata ndi magawo 5 pa 100 a kulemera kwa mwanayo pa chakudya chimodzi, kufikira 7 akakula. Wa magalamu 60 amwe mamililita 3, wa magalamu 100 amwe 5. Wakhanda amadya maola awiri kapena atatu alionse, usiku womwe. Wotsegula maso, maola anayi alionse. Gologolo wamng'ono sadziwa kukhuta, ndipo amayamwa mwadyera kufikira mimba itauma gwa. Ikatero asapatsidwenso kanthu mpaka itafewa. Akatha kudya, wolera atenge thonje loviika m'madzi ofunda namusisita kumunsi mofatsa kufikira atakodza, ndipo azichita zimenezi mpaka patapita masiku maso atatseguka. Ana akakhala angapo m'katoni imodzi, njala ndi kusowa bere zimawachititsa kuyamwana ziwalo zobisika, aamunawo n'kutupa mpaka njira ya mkodzo kutsekeka. Otere alekanitsidwe ndipo adyetsedwe pafupipafupi.

Chibayo cha mkaka

Nthenda imene imapha msanga koposa ndi chibayo chobwera chifukwa cha mkaka wolowa m'mapapo. Chimayamba pamene munthu agwiritsa ntchito botolo la mabere a mphira, supuni kapena sirinji yaikulu, zimene zimatulutsa mkaka mofulumira koposa mmene kakhosi kangamezere. Chimayambanso pamene amugoneka mwanayo chagada pomuyamwitsa, chikhalirecho gologolo amayamwa chafufumimba kapena ali chilili. Chida choyenera ndi sirinji yaing'ono ya mililita imodzi, yopanda singano, yolozetsedwa kumwamba kwa kamwa, chala chikukankha pang'onopang'ono. Mkaka ukatulukira m'mphuno, aleke pomwepo, amuweramitse mutu pansi ndi kupukuta mphunozo.

Zizindikiro zimaoneka pakapita maola kapena tsiku: amakana kuyamwa, amafooka, amapuma ndi kamwa, ndipo munthu akaika khutu pachifuwa pake amamva kaphokoso kakuti tche, tche, pa mpweya uliwonse. Palibe mankhwala a kunyumba a nthenda imeneyi. Afunika dokotala wa ziweto tsiku lomwelo.

Nthenda ya mafupa

Iyi ndi nthenda ya ana amene adapulumuka zoopsa zonse zoyamba, ndipo imabwera mwakachetechete, wolera akukondwa kuti ntchito yatha. Mafupa amamangidwa ndi kashiamu pamodzi ndi fosiforasi, ndipo chakudya chiyenera kukhala ndi kashiamu wochuluka pafupifupi kawiri kuposa mnzakeyo, komanso vitamini D amene amathandiza thupi kumulandira. Tsono mtedza, mpendadzuwa ndi chimanga, zimene anthu amaganiza kuti ndizo chakudya cha gologolo ndipo iye amazikonda kopambana, zili ndi fosiforasi wambiri ndi kashiamu wochepa kwambiri. Ndipo popeza mtima ndi minofu sizingagwire ntchito popanda kashiamu m'magazi, thupi limapita kukamutenga ku mafupa, tsiku ndi tsiku, kufikira mafupawo atakhala ofewa ndi osachedwa kuthyoka. Mwanayo amayamba ulesi, amaleka kukwera, amaluma akagwidwa chifukwa cha ululu, kenaka amakoka miyendo yakumbuyo, namagwa khunyu. Akaonedwa msanga amachira ndi kashiamu ndi kusintha chakudya, koma msana ukapindika sutheka kuwongoka.

Njira yopewera ndi kusafulumira kumuletsa mkaka, kufikira ataukana yekha. Kumuzoloweza poyamba chakudya chopangidwira makoswe oweta ndi ndiwo zamasamba, asanalawe zokoma. Kumupatsa nthambi zoti azitafuna ndi kuwala kwa dzuwa. Mtedza n'kukhala wa apo ndi apo, ndiponso wopanda chuku, pakuti chuku cha mtedza chimaononga chiwindi. Nthambizo zili ndi ntchito inanso. Mano akutsogolo a gologolo amakula moyo wake wonse ndipo amaperepeseka pokhulana. Mwana amene adagwa chamutu nsagwada n'kupotoka, mano ake sakumana, amakula mopinda mpaka kuboola m'kamwa, ndipo wotere sangakhale m'tchire.

Wolerayo adzisamalenso. Utitiri ndi nthata za gologolo zimaluma anthu, ndipo mankhwala ambiri ophera utitiri wa agalu ndi amphamvu kwambiri pa kamwana kotere. Agologolo sadziwika ngati ofalitsa chiwewe, koma mano awo amalowa mozama. Bala lisambitsidwe ndi sopo, ndipo wolumidwayo apite kuchipatala akafunse za katemera wa kafumbata.

Mkangano wa kumasula kapena kusamasula

Tinene kuti mwanayo wakula bwino. Pa miyezi itatu kapena inayi khalidwe lake limasintha. Amatafuna mawaya a magetsi, mipando ndi zitseko, amateteza chakudya chake ndi mano, ndipo woleredwa yekha, wozolowera anthu ndi agalu, akamasulidwa amathamangira kwa adani ake. Apa ndipo pamabuka funso limene lagawanitsa anthu m'maiko angapo.

Osamala zachilengedwe amati gologolo wotuwa ndi mlendo woononga, ndipo bungwe la IUCN lidamuika pa mndandanda wa zamoyo 100 zoononga koposa pa dziko lapansi. Umboni wawo waukulu ndi Britain, kumene adafika mu 1876, nalanda malo a gologolo wofiira wa komweko pomupikisa pa chakudya ndi kumupatsira nthenda ya zilonda imene iye mwini safa nayo. Ndipo kuyambira Disembala 2019 lamulo la ku England likuletsa kumasula gologolo wotuwa, ngakhale amene waleredwa ndi manja. Okonda nyama amayankha kuti kamwana kogwa mumtengo kalibe mlandu pa zimene Rhodes adachita. Ndipo ku Italy, mu 1997, mabungwe awo adatengera kukhoti akatswiri amene adayamba kupha agologolo a ku Piedmont, ntchitoyo n'kuima, agologolowo n'kupitiriza kufalikira.

Ku Cape nkhaniyi ndi yosiyanako. N'zodziwika kuti gologoloyu amadya zipatso za m'minda, mbewu za paini, mazira ndi anapiye a mbalame, ndiponso amalowa m'madenga. Koma n'zodziwikanso kuti ku Western Cape kulibe gologolo wa m'mitengo wachilengedwe amene angalandidwe malo, ndipo patapita zaka zoposa 120 mlendoyu adakali womangika ku mitengo yachilendo inzake. Kukula kwa chionongeko chake pa mbalame ndiko kumene anthu akutsutsanabe. Boma la South Africa, komabe, lidagamula mbali yake: pansi pa lamulo la National Environmental Management: Biodiversity Act la 2004, malangizo a 2014 adamuika pa mndandanda wa zamoyo zachilendo zoononga, zimene kuziswetsa, kuzigulitsa, kuzisamutsa ndi kuzimasula kuli ndi malire, pamene lamulo la Animals Protection Act la 1962 limaletsa kuzunza nyama imene ili m'manja mwa munthu kapena kuisiya ikuvutika. Chifukwa cha zimenezi malo ena olera nyama zakutchire amakana agologolo, ndipo wovulala kwambiri dokotala angaone kuti kumugoneka tulo tosadzuka ndicho chifundo. Kutengera gologolo ku dera kumene kulibe anzake, monga kumpoto kwa South Africa kapena kwathu ku Malawi, n'kulakwa kumene mbali zonse ziwiri zimakudzudzula.

Inu tsono, abale ogwira ntchito m'minda ya ku Cape, musanadule kapena kusadza mtengo yang'anani kaye ngati pa mphanda pali chisa cha masamba, ndipo muwauze abwana. Mukapeza kamwana pansi, kafunditseni, musakapatse mkaka kapena chakudya chilichonse, mpatseni make maola ake. Akapanda kubwera, imbirani foni a Cape of Good Hope SPCA ku Grassy Park, amene ali ndi nthambi yoona nyama zakutchire, kapena dokotala wa ziweto wapafupi, ndipo za chilolezo chosunga nyama yakutchire mufunse ku bungwe la CapeNature.